Chipewa cha Mfumukazi Nyangazitatu

Mwana wa mlongo wanga, amene tonse timamutcha Makala, ali ndi nthenda imene achipatala anailephera: sangakhale pansi osajambula munthu. Mukam'peza m'basi kapena pamzere wa ku banki, dzanja limakhala likupalasa papepala ngati nkhuku ya anapiye, maso ali pa munthu wosalakwa amene sakudziwa n'komwe kuti akuberedwa mphuno. Dzina la Makala linachokera m'mphepete mwa dzanja lake lamanzere. Mmenemo mumakhala muli bii ndi pensulo, ngakhale mutam'kwecha ndi chotsukira mapoto.

Amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanga. Ndikuti kachipinda, koma ndi nkhalango. Khoma lonse ndi mapepala okhaokha: zinjoka zamapiko, mizinda yolendewera m'mitambo, asilikali a mitu ya kadzidzi, akavalo opuma moto. Ine ndikamalowa kukasesa ndimayamba ndaodira kaye, kuopa kuti zingandilumphire. Zinthu zimenezi amazilumikiza n'kupanga nthano ya makatuni imene amatulutsa pafoni Loweruka lililonse, ndipo anthu amaidikira ngati mvula yoyamba.

Koma amene anthu amafera m'nthanomo si ngwazi yake, mnyamata wa lupanga, ayi. Amafera chilombo chachikazi, Mfumukazi Nyangazitatu. Khungu lobiriwira, mano awiri otulukira kunja, pakamwa popotokera kumanzere, mtsempha utaima pamphumi ngati chingwe choyanikira zovala. Ndipo kulikonse kumene chapita, kaya kunkhondo kaya kosamba, chimakhala chitakumbatira chipewa cha munthu wamwamuna pachifuwa ndi manja onse awiri. Owerenga amakangana za chipewacho mpaka kutukwanizana. Ena amati n'cha mfumu imene chinaidya, ena amati chimasungiramo mitima ya adani.

Makala mwini wake yankho analibe. Nkhope ndi chipewa anazitola pamodzi pabenchi ya kuchipatala, tsiku limene anandiperekeza kukaonetsa bondo langa. Ine ndili m'kati ndi dokotala, iye anaona mayi wina atakhala yekha moyang'anana naye, nkhope itauma gwa, chipewa chili pamtima. Anamujambula msangamsanga, pofika kunyumba n'kumuika nyanga.

Nthano yomweyi ndi imene inam'bweretsera Gologolo, kamtsikana kogulitsa m'sitolo ya nsapato, kosakhazikika pansi, koti kakaseka galu wa anansi amayankha. Anayamba ndi kulemba ndemanga pansi pa makatuniwo. Ndemanga zinasanduka mauthenga, mauthenga anasanduka kudikirirana pa siteji ya basi, ndipo mosakhalitsa mwana wanga anayamba kusita malaya, chinthu chimene sindinachione chibadwireni iye.

Ndiye tsiku lina Gologolo anati, "Mayi akufuna akuone."

*

Anapita Lamlungu masana atavala malaya oyera, dzanja lakuda lija atalibisa m'thumba. M'nyumbamo munali ukhondo woopsa, woti munthu umapepesa pansi usanaponde. Gologolo anam'khazika pampando n'kuthamangira kukhitchini kukatereka tiyi.

Kenako katani ya kuchipinda inasuntha.

Mayi amene analowa anali wamfupi, wojintcha pang'ono, atavala diresi labuluu. Analibe nyanga, analibe mano otuluka. Koma munthu amene wajambula nkhope imodzi sabata ndi sabata, chakutsogolo, cham'mbali, itakwiya, ikuwodzera, sangaiphonye. Fupa la tsaya lija. Chikope chakumanja chogwera pang'ono chija. Kadontho kakuda pansi pa khutu. Zala za Makala zinayamba kujambula zokha m'thumba ngati zaona mnzawo wakale.

Anadzuka kuti apereke moni, ndipo pokweza maso anaona pakhoma, pamwamba pa wailesi, pali msomali. Pamsomalipo panali chipewa chotuwa cha lamba wakuda, chopindika kutsogolo.

"Khalani pansi, bambo," anatero mayiwo. "Muli bwanji?"

"Ndili bwino, Mayi, kaya inu."

Tiyi atabwera, anayenera kulandira kapu ndi manja awiri, ndiye dzanja lobisidwa lija linatuluka. Mayi analiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene munthu amayang'anira mphemvu m'kabati ya mbale.

"Ndamva kuti mumajambula."

"Eya, Mayi."

"Mumajambula chiyani?"

"Zilombo, Mayi!" Gologolo analumphira, akupisa kale dzanja m'thumba la siketi. "Dikirani ndikuonetseni mfumukazi yake, museka mpaka..."

Makala anatsamwa tiyi. Kaya anatsamwadi kaya anachita kupanga, ine kunalibe, koma anatsokomola mpaka misozi, ndipo Gologolo anataya foni pampando n'kuyamba kum'menya pamsana ngati akukuntha mphasa.

Mayi anadikira kuti phokoso lithe.

"Anthu amene mumawajambulawo, mumayamba mwawapempha?"

"Nthawi zina, Mayi."

"Nthawi zina," anabwereza mayiwo pang'onopang'ono. Kenako anati mutu ukuwapweteka, nabwerera kuseri kwa katani. Tiyi wawo anazizirira patebulo.

*

"Usadandaule," anatero Gologolo akum'perekeza kokwerera basi. "Mayi amatero ndi aliyense. Iwo amafuna ndikwatiwe ndi munthu wa tayi, wonyamula chikwama chopanda kanthu. Akangoona kuti sumwa mowa, afewa."

"Chipewa chili pakhoma chija n'cha ndani?"

Gologolo anasiya kudumphadumpha.

"N'cha Bambo. Chaka chathachi, m'nyengo yozizira, anapita kuchipatala ndi Mayi, akuyenda okha bwinobwino, akungodandaula pachifuwa basi. Polowa kwa dokotala anavula chipewa n'kupatsa Mayi, amvekere, ‘Tandigwirira, ndikubwera.’ Sanatuluke." Anakankha kamwala ndi phazi. "Ine ndinali kusukulu, kutali. Akuti atawauza, Mayi anakhalabe pabenchi ndi chipewacho mpaka achibale anachita kubwera kudzawadzutsa. Osalira, osayankhula. Mpaka lero ine sindinawaonepo akulira."

M'makutu mwa Makala munkalira pensulo.

"Ukudziwa?" Gologolo anapitiriza, kumwetulira kukubwerera. "N'chifukwa chake ndimam'konda Nyangazitatu. Nditangoona kachipewa kake ndinakumbuka Bambo. Ndinali ndisanasekepo chimwalirireni iwo. Koma tsiku lija chilombo chako chinagwera m'mbiya ya uchi, miyendo m'mwamba, chipewa osachitaya, ndinaseka mpaka kugwa pabedi. Unandichiritsa, iwe."

Anam'gwira dzanja lakuda lomwe lija n'kulipsompsona pakati pa msewu, anthu akuona.

Mufunsa kuti nanga mwana osazindikira mayi ake omubereka? Pafoni katuni amakhala wamng'ono ngati chikhadabo, wobiriwira, wanyanga. Komanso nkhope imene Makala anaba ija Gologolo anali asanaionepo. Mayi ake anaivala tsiku limodzi lokha, iye kulibe.

Madzulo ake mauthenga anayamba kugwa.

"Wafika?"

"Ndafika."

"Mawu amodzi okha? Mayi akudula lilime?"

"Ayi. Ndatopa chabe."

"Ndijambulire Nyangazitatu akutsamwa tiyi kwa apongozi."



*

M'mawa mwake ndinam'peza atakhala pakati pa mapepala opindapinda ngati nkhuku yofungatira mazira oola. Chofufutira chinali chitatha, zinyenyeswa zake mbwee pansi pamene ndinasesa dzulo lake.

"Azakhali, ndapalamula."

"Mimba?"

"Ayi!"

"Ndiye si kanthu. Kamba."

Anakamba. Ine amene ndimatha kuseka ngakhale dokotala akundipotokola bondo, tsiku limenelo sindinaseke. Ndinakhala pabedi, pamwamba pa chinjoka chosamalizidwa, osachipepesa n'komwe.

"Ndinkayesa ndi ukali, Azakhali. Ndinaona nkhope yolimba ndinati uyu ndi mayi woopsa, ana ake amagona atavala nsapato. Ndinakondwa ngati ndatola chinthu. Sindinadziwe kuti munthu akudzigwira kuti asasweke."

"Ndiye chisinthe nkhope chilombo chakocho."

"Ndayesa."

Anandionetsa. Apa anachipatsa masaya ofufuma, apa mphuno yophwatalala, apa chibwano chachitali ngati khasu. Koma paliponse pakamwa panali patapotokera kumanzere, chikope chitagwa, mayi yemwe uja akusuzumira kuseri kwa mphuno yobwereka.

"Dzanja likukana. Ndikangoika mzere woyamba, inayo imabwera yokha. Linam'loweza."

"Chipatse nkhope yanga. Ine nyanga zindikhala bwino. Malemu amuna anga ankati ndinabadwa nazo, azamba anachita kuzipala."

Anayesa kumwetulira, koma kumwetulirako kunafera panjira.

"Apo ayi chiphe," ndinatero. "Suli ndi mnyamata wa lupanga m'menemo? Amadya zaulere?"

"Ndikachipha, Gologolo alira. Amachikonda kuposa ine."

"Ndiye kamuuze zoona."

"Ndikamuuze kuti chimene chinam'seketsa ndi imfa ya bambo ake?"

Pamenepo nzeru zanga zinathera. Ndinatenga tsache n'kuyamba kusesa zinyenyeswa, chifukwa munthu ukasowa chonena ndi bwino manja azioneka otanganidwa.

*

Tsopano ndikuuzeni za Nautoto. Makala amajambula mizere, koma amene amapaka mitundu pa kompyuta ndi mtsikana wina amene anaphunzira naye, wa zikhadabo zazitali ndi mafuta onunkhira oti akalowa pageti ine ndimayetsemula ndili kukhitchini. Wakhala akum'funa Makala kuyambira kalekale, ndipo aliyense amadziwa kupatula Makala. Dzina la Gologolo Nautoto salitchula. Amangoti "wansapato uja".

Iyeyu ndi amene anabwera ndi nzeru yodinda Nyangazitatu pa matisheti, ndipo Makala anali atavomera kale. Tsiku limenelo anabwera kudzanena kuti wodinda wayamba ndi imodzi yoyesera, nkhope yaikulu yodzaza chifuwa chonse.

"Muuze asiye," anatero Makala osatukula mutu.

"Asiye? Wadya chiyani lero?"

"Ndati asiye. Sindikufunanso."

Asanakokane bwino, Gologolo anatulukira pakhomo ali wefuwefu, atathawa kusitolo nthawi ya nkhomaliro.

"Moni Azakhali! Moni achemwali! Iwe, ndapeza mankhwala a Mayi." Anam'tosa Makala ndi foni pamphuno. "Tsiku lawo lobadwa layandikira. Uwajambule bwinobwino, chithunzi chachikulu, tikachiike m'galasi. Akadziona atakongola, za tayi aiwala. Nachi chithunzi choti uonere."

Inu, ndinamva chisoni ndi mwana wa mlongo wanga. Anayang'ana foniyo ngati mbale ya mankhwala owawa.

Nautoto anasuzumira paphewa pake. Ndinaona maso ake akuima, akutsinzinira, kenako akutseguka pang'onopang'ono ngati mphaka amene wamva kabati ikutsegulidwa.

"Ndi okongola mayi ako," anatero mokoma. "Ngati ndinawaonapo penapake."

"Mwina kumsika," anayankha Gologolo. Anam'tsina Makala patsaya, n'kuthamanga kubwerera kuntchito.

Geti itangotsekeka, Nautoto anakhala patebulo n'kupingasa miyendo.

"Nkhope imeneyi ndaipaka utoto wobiriwira mpaka ndimailota. Kadontho ka pansi pa khutu kaja, ukaiwala ndimaika ndine."

"Chonde, usanene."

"Ndinene chiyani? Ine ndimangopaka."

"Si nkhani yoseka. Ndinawajambula kuchipatala, amuna awo atangomwalira kumene. Sindinkadziwa."

Kunena zoona, nkhope ya Nautoto inagwa. Mtima ali nawo, kungoti ndi waung'ono ndipo amausunga patali.

"Ndiye wansapato uja sakudziwa."

"Ndimuuza ndekha. Ndipatse nthawi."

"Nthawi." Anatsika patebulo n'kutola chikwama chake. "Zaka zonsezi ndakhala pambali pakopa, Makala. Wajambula ogulitsa nthochi, wajambula agalu a m'misewu, wajambula ngakhale bondo la azakhali ako. Ine sunandijambulepo ngakhale chala. Koma apongozi wawapatsa ufumu ndi nyanga zomwe."

Anatuluka, fungo lake n'kutsala likutiyang'anira.

*

Makala anayesa kujambula chithunzi cha mphatso chija. Pafoni mayiwo anali akumwetulira, ataima pafupi ndi maluwa. Iye ankayamba bwinobwino ndi kumwetulirako, koma akafika pakamwa dzanja linkakhotera kumanzere lokha, ndipo papepala pankatuluka mayi wa pabenchi. Anasiya kudya bwino. Gologolo akaimba, ankanamizira ntchito. Mtsikana mpaka analemba kuti, "Ngati wapeza wina undiuze, ndim'gulitse nsapato zothina."

Lachinayi masana ndinamuona akuchotsa mapepala pakhoma, limodzi pamwamba pa linzake, mpaka anafika pa kapepala kakale kachikasu kamene kanali pansi pa onse. Anakaika m'thumba la malaya.

"Ukupita kuti?"

"Kwa eni ake nkhope."

"Mtsikana ali kusitolo nthawi ino."

"N'chifukwa chake. Ndiyambe ndi amene ndinam'bera."

Ndinam'konza kolala. Ndinafuna kum'ponyera nthabwala yoti akadutse kaye kogula chisoti cholimba, koma inakana kutuluka.

*

Anawapeza Mayi akusita. Atamuona pakhomo sanadabwe. Anazimitsa simbi, namulozera mpando womwe uja.

Makala sanakhale. Anatulutsa kapepala kaja n'kukaika patebulo ndi manja awiri. Panalibe nyanga, panalibe utoto. Panali mayi pabenchi, chipewa pamtima, mizere yothamanga ya pensulo basi.

"Mayi, ine ndinakulakwirani. Tsiku lija kuchipatala..."

"Ndikudziwa. Ndinakudziwani ndi dzanja." Mayi sanakakhudze kapepalako. "Tsiku limenelo nkhope za anthu sindinkaziona. Ndinkangoona dzanja lakuda likuyenda papepala, kwe kwe kwe, ngati khoswe m'denga. Ndinkafuna kukuwa kuti siyani. Koma ndikanatsegula pakamwa, chikanatuluka ndi china."

"Pepani, Mayi. Ndinkayesa mwangokwiya."

"Ndinakwiyadi. Munthu wandisiyira chipewa n'kuchoka osatsanzika." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Mwabweza. Mnyamata wina akanangokataya n'kumadya nafe patebulo ali phee."

Apa mwana wanga akanatha kuthokoza n'kutuluka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chitseko chinali chotsegula. Koma anayang'ana msomali uja pakhoma, miyendo n'kukana.

"Sizinathere pamenepo, Mayi."

Anatsegula foni n'kuwapatsa. Mayi anatenga magalasi pawailesi, nawavala, nayang'ana. Anakulitsa chithunzi ndi zala. Anapita pa china, chilombo chikubangula pamwamba pa phiri. Anapita pa china, chilombo chili m'mbiya ya uchi, miyendo m'mwamba. Pansi pake panali tinkhope toseka tambirimbiri ta anthu osawadziwa.

"Nyanga zitatu," anatero pamapeto pake. "Imodzi sikanakwana?"

Makala anagwada.

"Ichi ndi chimene mwana wanga amaseka kuchipinda Loweruka lililonse?"

"Eya, Mayi."

"Ine ndimaima pakhomo pake n'kumathokoza Mulungu kuti wayambanso kuseka."

M'nyumba munangomveka simbi ikuzizira, ti, ti.

"Dzukani, bambo. Kugwada sikufufuta pensulo." Anaika foni patebulo moiyang'anitsa pansi. "Ngati mukum'funadi mwana wanga, mundilonjeze chinthu chimodzi. Nkhope iyi musadzaijambulenso. Chilombo chanucho chingosowa, musafotokozere anthu. Za amuna anga zisalowe m'mafoni a anthu oseka. Mwamva?"

"Ndamva, Mayi. Ndalonjeza."

"Ndipo chipewa munachilakwitsa."

Anapita pakhoma, nanyanyamphira, nachichotsa pamsomali. Anachipukuta ndi chikhatho.

"Mfundo ya lamba ili kumanzere, osati kumanja. Ankaitembenuza dala, ankati kumanja n'kwa anthu onyada."

Anafuna kuchibweza pamsomali, koma manja sanamvere. Anachibweretsa pachifuwa, dzanja lina pamwamba pa linzake.

"Anangoti, ‘Tandigwirira, ndikubwera.’"

Ndipo nkhope ija inabwera. Pakamwa panapotokera kumanzere, chikope chinagwa, mtsempha unaima pamphumi. Makala anayang'ana pansi, dzanja lakuda atalipana m'khwapa kuti lisayambe kujambula.

Nthawi yomweyo geti inalira. Kunja kunamveka kuimba, ndi nsapato zothamanga.

"Mayi! Mayi, taonani zimene wandibweretsera kusitolo mnzake wa Makala uja! Akuti yoyamba yeniyeni, palibenso wina ali nayo!"

Gologolo analowa atatambasula manja, akuzungulira kuti aonetse bwino. Anali atavala tisheti yoyera pamwamba pa diresi la kuntchito. Pachifuwa pake ponse panali Mfumukazi Nyangazitatu, nkhope yaikulu ngati mbale, mzere uliwonse ukuoneka, chipewa chitakumbatiridwa ndi manja awiri.

Atamaliza kuzungulira anapezeka wayang'anana ndi mayi ake.

Kuseka kunatsala pakamwa pokha, m'maso mutachoka kale. Anayang'ana mayi ake ndi chipewa. Anaweramira pachifuwa pake. Anayang'ananso mayi ake. Kenako anaona kapepala kachikasu patebulo, nakatola ndi zala ziwiri.

"Benchi iyi..." Mawu anali aang'ono, osakhala ake. "Makala, iwe unalipo?"

"Ndinalipo."

"Wadziwa liti kuti ndi Mayi?"

"Lamlungu lija."

"Lamlungu. Ine ndikukupsompsona dzanja pamsewu, iwe ukudziwa." Anakoka tisheti kuichotsa pakhungu ngati ikumuotcha. "Bambo anga ali gone kuseri kwa chitseko, iwe unkasankha poika nyanga?"

"Sindinkadziwa. Ndikanadziwa..."

"Ukanafunsa! Ukanangoti, ‘Mayi, muli bwino?’ Anthu amatero. Pakamwa unali napo."

Anavula tisheti ija mokokera mpaka inang'ambika pakhosi, naiponya pamapazi pake. Kenako anapita kwa mayi ake n'kuwakumbatira pamodzi ndi chipewa chomwe. Ndipo mayi uja, amene sanalire kuchipatala, amene sanalire pamaliro, anatsegula pakamwa, chinthu chija n'kutuluka.

Makala anatola tisheti n'kutuluka chafutambuyo. Palibe amene anamuona akupita.

*

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Ndinam'peza pampopi akukwecha dzanja ndi mwala, khungu mpaka kufiira.

"Ulisiye dzanjalo," ndinatero. "Silinapite lokha kuchipatala, linali ndi mwini wake."

Ndinam'kokera m'kachipinda kake n'kum'khazika pansi. Foni inalira. Unali uthenga wa Nautoto: "Yam'kwana?" Anaufufuta. Inaliranso, ndipo ataona dzina anadzuka ngati walumidwa. Anali Gologolo. Anawerenga, nabwereza, kenako anandiwerengera mokweza.

"Anthu akhala akuseka mayi anga nthawi yonseyi, ine ndikuwatsogolera. Loweruka lino ujambule za chipewacho. Zoona zake, ndi benchi yomwe, nkhope ya Mayi yopanda nyanga, kuti aliyense amene anaseka adziwe chimene ankaseka. Ukapanda kutero, usadzandifunenso."

"Ndiye jambula," ndinatero. "Ukudikira chiyani? Mtsikana wakusiyira kawindo."

"Azakhali, ndawalonjeza Mayi. Nditagwada. Kuti nkhope yawo sindidzaijambulanso, ndipo za amuna awo sizidzalowa m'foni ya munthu."

"Mtsikana akudziwa za lonjezolo?"

"Anali asanalowe."

Ndinayang'ana zinjoka za pakhoma kuti mwina china chili ndi nzeru, koma zonse zinangondiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Makala anakoka pepala loyera n'kutola pensulo. Ndinaima pakhomo ndi tsache langa kudikira kaphokoso kaja ka khoswe m'denga, kamene ndakamva m'nyumba muno kuyambira ali mwana. Nsonga ya pensulo inafika papepala n'kuima pomwepo. Dzanja lija, limene silinapumepo m'basi, kubanki ngakhale kuchipatala, linangokhala phee, ndipo Loweruka linali mkuja.